Foni Ngati Controller ya DJ Yopanda Waya: Mafunso ndi Mayankho

Pulogalamu ya DJ ya pa tabuleti imaika pa sikirini imodzi zinthu zimene kale zinkadzaza tebulo lonse: mbale ziwiri zoimbira nyimbo, mikisa ya pakati ndi bokosi losungiramo nyimbo. Chimene chimavuta ndi malo. Sikirini ya mainchi 10 kapena 11 siionetsa zonsezi nthawi imodzi, choncho DJ amangokhalira kutsegula tsamba ili ndi kutseka linalo nyimbo ili mkati. Foni imatha kulandirako gawo la ntchitoyi, sikirini yake n'kusanduka mabatani owonjezera amene amalamula tabuleti popanda waya.

Kodi foni imagwira ntchito yanji ikakhala controller?

Foni siimba nyimbo. Nyimbo zonse zimakhala mu tabuleti, ndipo tabuletiyo ndi imene imaziwerenga, kuzisakaniza ndi kutumiza mawu ku masipika. Foni imangolamula, monga mmene rimoti imachitira ndi TV: chithunzi sichidutsa mu rimoti ayi, rimoti imangouza TV kuti ikweze mawu kapena isinthe tchanelo. DJ akagunda batani pa foni, kauthenga kakafupi kamapita ku tabuleti kuti nyimbo ya kumanzere iyambe, kapena kuti besi ya nyimbo ya kumanja itsike.

Pa chifukwa chimenechi, kulumikizana kopanda waya sikuwononga kamvekedwe ka nyimbo, popeza mawu sadutsa m'mphepo n'komwe. Komanso foni ikazima kapena kulumikizana kukaduka, nyimbo siima. Imapitirira mmene inalili, ndipo DJ amangobwerera pa sikirini ya tabuleti.

Kodi zipangizo ziwirizi zimamvana m'chilankhulo chanji?

Zimamvana mu MIDI. Ndondomekoyi inakhazikitsidwa mu 1983 ndi makampani opanga makiyibodi a nyimbo a ku America ndi ku Japan, motsogozedwa ndi Dave Smith wa kampani ya Sequential Circuits ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland. Mu January chaka chomwecho, pa chionetsero cha NAMM ku California, kiyibodi ya Prophet-600 inalumikizidwa ndi Jupiter-6, ndipo zipangizo za makampani awiri osiyana zinamvana anthu akuona.

Uthenga wamba wa MIDI uli ndi mabayiti atatu okha. Yoyamba imanena mtundu wa uthengawo ndi tchanelo yake, mwa matchanelo 16 amene alipo. Yachiwiri imanena nambala ya batani limene lagwidwa. Yachitatu imapereka muyezo, kuyambira 0 mpaka 127. Mabatani odina amatumiza Note On akadinidwa ndi Note Off akasiyidwa, pamene zokankha ndi zopotokola zimatumiza Control Change. Crossfader, chokankha chosinthira mawu pakati pa nyimbo ya kumanzere ndi ya kumanja, ikakhala kumanzere kwenikweni imatumiza 0, pakati imatumiza 64, kumanja kwenikweni 127. Chala chikaikankha kuchoka mbali ina kufika mbali inayo, mauthenga ambirimbiri amatsatizana, uliwonse ndi nambala yake, ndipo tabuleti imasuntha crossfader yake motsatira manambalawo.

Kodi mauthengawa amadzera njira iti?

Njira zilipo ziwiri, Bluetooth ndi Wi-Fi. MIDI ya pa Bluetooth Low Energy inabwera ndi iOS 8 ya Apple mu 2014, ndipo mu 2015 bungwe loyang'anira MIDI linaivomereza kuti makampani onse aziitsatira. Chaka chomwecho Android 6.0 nayo inayamba kumva MIDI. Pa njirayi foni ndi tabuleti zimalumikizana zokha, popanda chipangizo chachitatu, pa mtunda wa mamita pafupifupi 10 ngati palibe chotchinga.

Pa Wi-Fi pamagwira ntchito ndondomeko yotchedwa RTP-MIDI, imene Apple inaika m'makompyuta a Mac mu 2005, kenako mu iPhone ndi iPad mu 2010. Zipangizo zonse ziwiri ziyenera kukhala pa netiweki imodzi, kaya ya rauta kapena ya hotspot ya foni. Intaneti siifunika: rauta yopanda bandulo imanyamula MIDI bwinobwino, chifukwa mauthengawo satuluka m'chipindamo. Mafoni ena amakana kuyatsa hotspot data ikazimitsidwa, koma ngakhale data ikhale yoyaka, mauthenga a MIDI sadya bandulo. Wi-Fi ya m'mahotela ndi m'malo a misonkhano ndi imene imavuta kawirikawiri, chifukwa yambiri inakonzedwa dala kuti zipangizo za alendo zisamaonane.

Nanga OSC imene imatchulidwa kawirikawiri ndi chiyani?

OSC ndi chilankhulo china cholamulira zipangizo za nyimbo pa netiweki. Anachiyambitsa ndi Matt Wright ndi Adrian Freed mu 1997 ku CNMAT, malo ofufuza za nyimbo a pa University of California ku Berkeley. M'malo mwa manambala a mabatani, OSC imagwiritsa ntchito mayina olembedwa ngati maadiresi, ndipo miyezo yake siithera pa 127. Imagwiritsidwa ntchito kwambiri polamula magetsi a pa siteji, makanema ndi mamikisa a digito. Koma mapulogalamu a DJ a pa tabuleti amamvera MIDI, choncho pulogalamu ya pa foni yotha zilankhulo zonse ziwiri iyenera kutcheredwa kuti izitumiza MIDI.

Kodi pamafunika mapulogalamu ati?

Pa tabuleti pamafunika pulogalamu ya DJ yolola kuti mwini wake aiphunzitse mabatani atsopano. Gawo limeneli limatchedwa MIDI Learn. Chitsanzo chodziwika ndi djay ya kampani ya Algoriddim ya ku Munich m'dziko la Germany, imene inafika pa iPad mu 2010. Mu djay ya pa iPad, MIDI Learn imapezeka kwa amene alipira. Mapulogalamu ena amangolandira macontroller a pa mndandanda wawo basi, ndipo oterowo sangamve foni ngakhale kulumikizana kutatheka. Ichi ndicho choyamba kufufuza munthu asanagule chilichonse.

Pa foni pamafunika pulogalamu yojambula mabatani pa sikirini ndi kutumiza MIDI. Yotchuka kwambiri ndi TouchOSC ya kampani ya Hexler, imene inatuluka pa iPhone mu 2008 n'kukonzedwanso yonse mu 2021. Imapezeka pa iOS ndi pa Android pomwe, ndipo munthu amadzikonzera yekha mabatani ake, kukula kwake, mtundu wake ndi uthenga umene lililonse lizitumiza. Mapulogalamu otere asasokonezedwe ndi ena monga Serato Remote ya mu 2013, imene inapangidwa kuti iPad izilamula Serato ya pa laputopu, osati pulogalamu ya pa tabuleti.

Kodi kulumikiza pa Bluetooth kumayenda bwanji?

MIDI ya pa Bluetooth salumikiza ngati mahedifoni, pa tsamba la Bluetooth la foni. Amalumikizira mkati mwa pulogalamu ya nyimbo. Chipangizo chimodzi chimadzilengeza, chinacho chimafunafuna n'kuchipeza. Ngati pulogalamu ilibe polumikizira pakepake, kapulogalamu kothandizira, monga midimittr pa iOS, kamatsegula njirayo, ndipo ikatseguka mapulogalamu ena a MIDI a m'chipangizomo amaiona.

Zonse ziwiri zikakhala za Apple, chilichonse chikhoza kudzilengeza. Foni ikakhala ya Android, monga Tecno, itel kapena Samsung, nthawi zambiri zimayenda bwino iPad ikadzilengeza, foniyo n'kukhala yofunafuna. Zilolezo nazo zimasokoneza ambiri. Kuyambira Android 6 mpaka 11, pulogalamu siingaone zipangizo za Bluetooth Low Energy popanda chilolezo chodziwa malo amene foni ili, ndipo kuyambira Android 12 chilolezo chake ndi cha zipangizo zapafupi. Kwa olumikiza pa Wi-Fi, iOS 14 ndi zotsatira zake zimafunsa ngati pulogalamu iloledwe kuona netiweki ya m'nyumba. Munthu akakana funso limeneli, foni ndi tabuleti sizionana mpaka atakasintha yankho lake.

Kodi tabuleti imadziwa bwanji kuti batani ili ndi la chiyani?

Imachita kuphunzitsidwa, batani limodzilimodzi. Pa tsamba la MIDI Learn, DJ amagwira batani pa foni, tabuleti imaonetsa uthenga umene walowa, ndipo iye amasankha ntchito yake: kuyambitsa nyimbo ya kumanzere, kutsitsa besi, kubwereza mabiti anayi, ndi zina zotero. Akamaliza, dongosololo limasungidwa ndipo silifunika kubwerezanso.

Zolakwika ziwiri zimachitika kawirikawiri. China ndi kupatsa mabatani awiri nambala imodzi pa tchanelo imodzi, zimene zimachititsa kuti batani limodzi lizigwira ntchito ziwiri. China ndi mtundu wa batani. Pali batani limene limatumiza 127 likadinidwa n'kutumiza 0 chala chikangochoka, ndipo pali lina limene limatumiza 127 pa kudina koyamba, 0 pa kudina kwachiwiri. Batani loyambitsa nyimbo likakhala la mtundu wachiwiriwu, nyimbo imayamba bwino, koma poimitsa limakhala ngati lafa, chifukwa tabuleti ikudikira 127 pamene foni yatumiza 0. Limadzagwira pa kudina kwachitatu. Ambiri amaganiza kuti Bluetooth yaduka, chikhalirecho vuto lili pa katcheredwe ka batani.

Kodi uthenga umachedwa motani, ndipo kuchedwako kumamveka?

Kuchedwa amakuyeza m'mamilisekondi, ndipo sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. Kumachokera m'malo atatu. Sikirini ya foni imatenga nthawi kuti izindikire chala, ndipo pa mafoni ambiri nthawiyi imafika makumi angapo a mamilisekondi. Kenako uthenga umadikira mpata wake, chifukwa Bluetooth Low Energy siitumiza mosalekeza koma pa nthawi zoikika, zimene pa MIDI zimatalikirana mamilisekondi 7.5 mpaka 15. Pomaliza, tabuleti imakonza mawu m'timitolo: kamtolo ka masampulo 256, pa liwiro la masampulo 44,100 pa sekondi, kamatenga mamilisekondi pafupifupi 6.

Manambalawa amamveka bwino akayerekezedwa ndi zinthu ziwiri. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza mamilisekondi atatu pa mita iliyonse, moti DJ woima mamita 5 kuchokera pa sipika amamva kale nyimbo itachedwa ndi mamilisekondi 15 ndipo sadandaula. Ndipo nyimbo ya mabiti 120 pa mphindi ili ndi mamilisekondi 500 pakati pa biti ndi biti inzake. Potsitsa besi pang'onopang'ono kapena posuntha crossfader kwa mabiti 16, kuchedwa kwa mamilisekondi 40 palibe amene angakumve. Koma poyambitsa nyimbo ndi chala kuti igwere ndendende pa biti ya inzake, mamilisekondi 40 omwewo amachititsa ng'oma ziwiri kumveka ngati mahatchi akuthamanga.

Choipa kwambiri si kuchedwa kokhazikika, koma kuchedwa kosinthasintha. Chala chimazolowera kudina msanga pang'ono ngati kuchedwako n'kofanana nthawi zonse, koma sichingazolowere uthenga umene wafika msanga, kenako wotsatira n'kuchedwa kuwirikiza kawiri. Mankhwala ake ali mu pulogalamu ya DJ momwemo. Quantize ikayatsidwa, tabuleti imakokera kudina kulikonse pa biti yapafupi, ndipo Sync imafananitsa liwiro la nyimbo ziwiri. Ndi zimenezi, nthawi yeniyeni imasungidwa ndi tabuleti, foni n'kumangonena chofunika kuchitika.

N'chifukwa chiyani zimayenda bwino kunyumba koma n'kuvuta muholo yodzaza?

Bluetooth ndi Wi-Fi yakale zimagawana mafunde a 2.4 GHz. Kunyumba mafundewa amakhala ndi zipangizo zochepa, koma muholo ya anthu mazana angapo pafupifupi thumba lililonse muli foni imene ikufunafuna netiweki, ena atayatsa hotspot. Thupi la munthu, pokhala ndi madzi ambiri, nalonso limameza mafunde amenewa, moti kulumikizana kumene kunali kolimba masana holo ili yopanda anthu kumafooka madzulo anthu akaimirira kuvina pakati pa foni ndi tabuleti.

Bluetooth Low Energy imadziteteza podumphadumpha pa matchanelo 37 mwa 40 amene ili nawo ndi kupewa amene adzaza, ndipo pa mtunda wa mita imodzi kapena iwiri siivuta kawirikawiri. Wofuna kuyenda patali ndi foni amathandizidwa ndi rauta yakeyake ya 5 GHz, yokhala ndi pasiwedi, yoikidwa pamalo okwera kuposa mitu ya anthu. Rautayo ikhale ndi batire lake kapena ilumikizidwe ku power bank. Magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, foni ndi tabuleti zimapitirira ndi mabatire awo, koma rauta ya pa soketi imazima n'kuyambiranso, ndipo kulumikizana konse kumafunika kukonzanso.

Kodi ndi ntchito ziti zoyenera foni, ndipo ndi ziti zosaiyenera?

Foni imayenera ntchito zodina kamodzi ndi zosuntha pang'onopang'ono: malo osungidwa m'nyimbo otchedwa hot cue, kubwereza kagawo ka nyimbo, timawu ta mu sampler, filter, echo, ndi kukweza kapena kutsitsa mawu. Tabuleti imatsala ndi mndandanda wa nyimbo ndi zithunzi za mafunde a nyimbo, zimene zimafuna sikirini yaikulu.

Phwando la ukwati limaonetsa bwino kagawidwe kameneka. Pa perekaniperekani, MC amaitana gulu ndi gulu, akuchimuna, akuchikazi, anzawo a ku ntchito, ndipo DJ ayenera kutsitsa nyimbo MC akangoyamba kulankhula n'kuikwezanso anthu akanyamuka ndi ndalama m'manja. Tebulo la DJ nthawi zambiri limakhala pakona, kuseri kwa masipika. Foni yokhala ndi mabatani anayi akuluakulu ndi chokwezera mawu chimodzi imamulola kuima pamene akuona nkhope ya MC. Imathandizanso poyesa zida anthu asanafike, chifukwa DJ amatha kuima pakati pa holo n'kumasintha besi akumva zimene alendo adzamve.

Zosayenera foni ndi scratch, kapena kuti kukankha nyimbo kutsogolo ndi kumbuyo ndi dzanja, ndi kufananitsa liwiro pamanja. Scratch imafuna kuti mawu azitsatira dzanja nthawi yomweyo. Liwiro lili ndi vuto la masamu. Chosinthira liwiro cha pa Technics SL-1200MK2 ya mu 1979, chimene mapulogalamu ambiri anatengera, chimakweza kapena kutsitsa ndi 8 peresenti, yonse pamodzi 16. Ikagawidwa m'masitepe 128 a MIDI, sitepe iliyonse ndi 0.125 peresenti, kapena mabiti 0.15 pa mphindi pa nyimbo ya mabiti 120. Nyimbo ziwiri zosiyana ndi sitepe imodzi yokha zimakhala zitatalikirana mamilisekondi 75 pakutha pa mphindi imodzi, ndipo khutu limamva. MIDI ili ndi njira yophatikiza mauthenga awiri kuti masitepe akhale 16,384, koma chala choyenda pa galasi la masentimita ochepa sichingaime ndendende pamene chikufuna.

Galasi lilinso ndi vuto lakuti chala sichimva polekezera batani, choncho maso ayenera kukhala pa foni. N'chifukwa chake mabatani amafunika akhale ochepa ndi akuluakulu, ndipo oopsa, monga loimitsa nyimbo kapena lolowetsa nyimbo ina, aikidwe patali ndi ogwidwa kawirikawiri.

N'chifukwa chiyani mawu amadumpha mwadzidzidzi foni ikagwidwa?

Zimachitika foni ndi tabuleti zikasiyana pa zimene zikudziwa. DJ akatsitsa mawu pa sikirini ya tabuleti kufika pa 40, chokwezera cha pa foni chimakhalabe pa 110 pamene anachisiya. Akangochikhudza, foni imatumiza 110 ndipo nyimbo imaphulika m'masipika. Njira zothetsera zilipo zitatu. Tabuleti ikhoza kutcheredwa kuti izibwezera MIDI ku foni, kuti mabatani a mbali zonse aziyendera limodzi. Pulogalamu ya DJ ikhozanso kuikidwa pa pickup, imene ena amaitcha soft takeover, kuti izinyalanyaza foni mpaka chokwezeracho chitadutsa pa 40. Njira yachitatu siifuna kutchera kanthu: chimene chapatsidwa foni chisagwidwenso pa tabuleti.

Kodi masipika ndi mahedifoni nawo angakhale opanda waya?

Pa ntchito ya DJ, ayi. Mawu odzera pa Bluetooth amayamba apanikizidwa, kutumizidwa, kenako kumasulidwa, ndipo kuchedwa kwake kumafika mamilisekondi 100 mpaka 200 kapena kuposa. Pa nyimbo ya mabiti 120 pa mphindi, kumeneku ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a biti kapena kuposerapo, moti zimene DJ akumva zimatsalira kumbuyo kwa zimene manja ake akuchita. Mawu azituluka mu tabuleti pa waya.

Kuti DJ amvere nyimbo yotsatira m'mahedifoni anthu asanaimve, njira yotchipa ndi split cable, waya wogawa mawu pawiri: mbali ya kumanzere imapita ku masipika, ya kumanja ku mahedifoni, koma zonse zimataya stereo. Controller ya DDJ-200 imene Pioneer DJ inatulutsa mu 2019 imagwira ntchito chimodzimodzi: imatumiza MIDI pa Bluetooth, pamene mawu amatuluka mu foni kapena tabuleti pa waya wotere. Matabuleti opanda polowetsa mahedifoni, monga iPad Pro kuyambira 2018, amafuna adaputa ya USB-C kapena sound card ya USB yotulutsa mawu njira zinayi, imene imasunga stereo mbali zonse.

Kodi Ableton Link imachita zomwezi?

Ntchito yake ndi ina. Link, imene kampani ya Ableton ya ku Berlin inatulutsa kumapeto kwa 2015, imangofananitsa liwiro ndi kugunda kwa mabiti pakati pa mapulogalamu a pa netiweki imodzi, ndipo siinyamula mauthenga a mabatani. Imathandiza ngati foni ili ndi pulogalamu yake yoimba ng'oma imene iyenera kuyendera limodzi ndi djay. Pamenepo foni yasanduka chida choimbira, ndipo mawu ake amafunika waya wawo wopita ku mikisa.

Kodi foni ikonzedwe bwanji phwando lisanayambe?

Kuimba kwa munthu wina kumatchinga mabatani pa sikirini, choncho foni imaikidwa pa airplane mode, kenako Bluetooth kapena Wi-Fi n'kuyatsidwanso payokha. Ngati foniyo ndi imene ikupereka hotspot, m'malo mwake amangoletsa mauthenga ndi kuimba kuti zisaoneke. Sikirini isamazime yokha, ndipo chopulumutsa batire chizimitsidwe, chifukwa chimagoneka mapulogalamu ndi kudula kulumikizana. Guided Access pa iPhone, kapena kukhoma pulogalamu pa sikirini pa Android, kumateteza kuti chala chotsetsereka chisatseke pulogalamu. Mapulogalamu asasinthidwe tsiku la ntchito. Foni yakale yopanda SIM khadi, bola batire lake likhale labwino, imayenera ntchitoyi kuposa foni ya tsiku ndi tsiku.

Kodi foni ingalowe m'malo mwa controller yeniyeni?

Kwa wophunzira, ndiponso pa ntchito imene Sync ndi Quantize zikukwanira, foni imathandiza popanda kugula chipangizo china. Koma controller yeniyeni ili ndi zimene galasi lilibe: zopotokola zimene zala zimazipeza mumdima, mawilo okankhira nyimbo kutsogolo kapena kumbuyo, waya wa USB amene khamu la anthu silimusokoneza, ndipo zambiri zimabwera ndi sound card mkati. Ziwirizi zimathanso kugwira ntchito limodzi, chifukwa iPad imalandira zipangizo za MIDI zingapo nthawi imodzi. Controller imatenga kusakaniza ndi liwiro, tabuleti imaonetsa nyimbo, ndipo foni imatsala ndi sampler, echo ndi mabatani ena amene pa controller yaing'ono anasowa malo.